Ulendo wathu wokaona momwe maiko atatu amayezera kafukufuku

Gulu lathu la aphunzitsi a m'mayunivesite ndi ogwira ntchito m'maofesi a kafukufuku linanyamuka ndi funso limodzi: kodi anzathu amadziwa bwanji kuti kafukufuku uyu ngwabwino, ndipo ndalama amazigawa potengera chiyani?

Tinayambira ku Pretoria. Ku South Africa boma limapatsa yunivesite ndalama pa pepala lililonse lotuluka m'magazini ya kafukufuku yomwe ili pa mndandanda wovomerezeka. Bungwe la National Research Foundation limaikanso ofufuza m'magulu: A ndi otsogola padziko lonse, B odziwika kunja, C okhazikika, pomwe P ndi Y ndi achinyamata. Ambiri njira yolipira pa pepala lililonseyi inatikomera poti n'njosavuta kuwerengera. Koma otilandira sanabise kuipa kwake. Ena amadula kafukufuku mmodzi kukhala mapepala angapo, ndipo magazini zachinyengo, zolipiritsa wolemba osaunika n'komwe ntchito yake, zinapezerapo mwayi.

Ku England tinakhalitsa pa nkhani ya REF (Research Excellence Framework), kawuniwuni wa kafukufuku wa m'mayunivesite a dziko lonse la UK. Wa 2021 unakhudza masukulu aukachenjede 157, ndipo zotsatira zake ndi zomwe zimatsogolera kagawidwe ka mapaundi pafupifupi 2 biliyoni chaka chilichonse. Kumeneko makomiti a akatswiri amawerenga ntchitoyo ndi kuipatsa nyenyezi, zinayi kwa yapamwamba kwambiri. Zolemba zinatenga 60 peresenti ya malikisi, malo ochitira kafukufuku 15, ndipo 25 yotsalayo inali ya phindu lomwe kafukufuku wabweretsa kwa anthu. Gawo lomalizali linandigwira mtima. Yunivesite imayenera kufotokoza, ndi umboni, kuti ntchito yake inasintha lamulo, chithandizo cha odwala kapena kaphunzitsidwe. Wofufuza yemwe wathera zaka zake pa vuto la anthu omuzungulira, m'malo mothamangira magazini zotchuka, pano amaoneka. Chokhumudwitsa n'chakuti kukonzekera REF kumadya nthawi ndi ndalama zambiri. Pali antchito olembedwera zokhazo.

Ku Leiden tinapeza zina. Dziko la Netherlands limaunika gulu lililonse la ofufuza zaka 6 zilizonse, ndipo ndondomeko ya 2021 mpaka 2027 inachotsa malikisi. Gulu limalemba zolinga zake, kenaka komiti yochokera kunja imabwera kudzaona ubwino wa ntchito, kufunika kwake kwa anthu, komanso ngati gululo lili ndi tsogolo. Lipoti lake ndi uphungu, osati chogawira ndalama za boma. Mu 2021 yunivesite ya Utrecht inalengeza kuti isiya kuyang'ana impact factor (nambala yosonyeza kuti mapepala a m'magazini inayake amatchulidwa kangati m'zolemba za ofufuza ena) polemba ndi pokweza anthu ntchito.

Apa m'pamene tinatsutsana kwambiri. Ena anati popanda manambala, kukondera kumalowa mosavuta, ndipo wachinyamata wopanda omudziwa ndiye amavutika. Ndikuwamvetsa. Komabe ine ndili mbali ya kuwerenga ntchito yeniyeniyo, chifukwa munthu ukamulipira pa chiwerengero cha mapepala, adzakupatsa mapepala basi.

Tinagwirizana zokapempha mayunivesite athu kuti wofuna kukwezedwa azisankha ntchito zake zochepa zomwe amazinyadira, n'kufotokoza zomwe zinasintha. Chomwe sitinamvane n'chakuti aziwerenga ndani, poti m'maphunziro ena akatswiri ndi ochepa ndipo onse amadziwana. Nkhaniyi taisiyira komiti yaing'ono, yomwe ifufuze ngati tingamabwerekane owunika ndi maiko oyandikana nafe.