Kondakitala saiwala chenje

Lolemba m'mawa, ndisanaganize za ana, ndimayamba ndawerenga mapisi. Ndimayenda ndi maseti asanu ndi imodzi a chess m'chikwama chakumsana, koma athunthu ndi asanu okha. Inayo inataya ruku woyera chaka chatha, ndiye pamalo pake timaikapo chitsekerero cha botolo la Fanta. Ntchito yanga ndi kuphunzitsa masewerawa: masana ana akaweruka ndimakhala kusukulu ziwiri zapulayimale, ina ku Matawale ina cha ku Chinamwali, Lachinayi kusekondale ina ya m'tauni muno, ndipo Loweruka ndi la aliyense wofuna. Sabata imeneyi nkhani inali imodzi, ya kudyerana: ukadya chake naye n'kudya chako, n'kubwezeranso, pomaliza watsala ndi phindu ndani?

Mitengo ya mapisi anawa amaiyimba ngati nyimbo ya paasembule. Poni 1, hatchi 3, bishopu 3, ruku 5, kwini 9, mfumu ilibe mtengo. Uwadzutse pakati pa usiku, ayankha osaphonya. Ndiye ku Matawale ndinawaikira chinthu chophweka pabolodi: poni wakuda pa d5 (bokosi lililonse pabolodi lili ndi dzina lake, la chilembo ndi nambala), mnzake pa e6 akumuteteza, ruku woyera pa d2 ndi kwini kumbuyo kwake pa d1.

"Omenya ndi awiri, woteteza mmodzi. Tidye?"

"Tidyeee!"

Tinadyadi. Ruku anadya poni, poni wa pa e6 anadya ruku, kwini n'kudya poniyo. Ndinawafunsa kuti zayenda bwanji, onse akuti zayenda bwino chifukwa womaliza kudya ndife. Maponi awiri m'manja, ruku wa mapointi asanu atapita, koma nkhope zili mwee. Chimene chinandiwawa n'chakuti theka la kalasi imeneyi limagulitsa mandasi ndi zitumbuwa pamsewu Loweruka, ndipo palibe amene ungamubere K50. Masamu akuwadziwa. Kungoti pabolodi amasiya kuwerenga pamene mtima wakondwa.

Pamasewero a tsiku lomwelo mnyamata wina anapereka chitsekerero chija mosinthana ndi hatchi, osamva kuwawa ngakhale pang'ono. Nditamufunsa anati, "Aphunzitsi, chimenechotu n'chitsekerero chabe." Ndinamukalipira pang'ono, kuti ruku ndi ruku ngakhale atavala sanza. Mawu amenewa muwasunge.

Lachiwiri njira yophunzitsira ndinaipeza m'minibasi ya ku Chinamwali. Ndinakhala mpando wakumbuyo, mawondo ali pachibwano, n'kumayang'ana kondakitala. Uyu wapereka K2,000, uyo K5,000, mayi wina walipirira anthu atatu, wina akuti apereka akatsika. Mnyamatayo alibe pepala kapena cholembera, ndalama wangozipinda pakati pa zala. Koma pa siteji iliyonse amatembenuka n'kunena kuti, "Amayi a chitenje chobiriwira, landirani 500 yanu." Sasunga m'mutu ndalama zonse zimene zadutsa m'manja mwake. Zimene zakwanirana amazitaya kunja kwa mutu nthawi yomweyo, n'kusunga chenje chokha.

Vuto la ana anga linali lomweli. Akamawerenga kudyerana kwa maulendo asanu kapena asanu ndi limodzi amasenza mitolo iwiri, wa zimene adya ndi wa zimene adyeredwa, uku akuyesetsanso kuona m'maganizo kumene pisi iliyonse yaima. Pofika ulendo wachinayi mtolo umodzi wagwa. Ndiye masana amenewo ndinaletsa kuphatikiza. Hatchi yako ikapita ndi hatchi yake, fafaniza, usaikumbukirenso. Bishopu ndi hatchi, fafanizanso. Chotsala chosafafanizika uchitchule ndi dzina: "ruku wanga, maponi ake awiri." Manambala abwere pamapeto, pamene zatsala zinthu ziwiri kapena zitatu zokha. Ndipo usanatseke buku, funsa funso limodzi: ine ndamaliza kudya, nanga iye wamaliza?

Mtsikana wina wa Sitandade 6, wosayankhulayankhula, amene amabwera atabereka mng'ono wake, anagwira njirayi msanga kuposa anzake. Ndinkamuona milomo ikugwedera, chala chili m'malere pamwamba pa bolodi osakhudza kanthu, chifukwa lamulo loti wakhudza wayendetsa ndinalikhwimitsa kalekale. Chinanso chimene ndinaletsa ndi kuwerenga mapisi odyedwa amene ali pambali pa bolodi. Mulu umenewo umanama: wina wagwera pansi, wina wabwerekedwa ndi bolodi loyandikana, kwini wabwereranso m'masewero poni atafika kumapeto. Werenga zimene zili pabolodi.

Lachitatu kunachita chiperoni, phiri lonse losaoneka, ndipo kunabwera ana asanu ndi awiri. Tinangosewera. Kholo lina limene lili ndi ngongole ya miyezi iwiri linanditumizira uthenga woti tidzaonana pakutha pa mwezi, osanena mwezi wake.

Lachinayi ndi tsiku limene ndimalikonda, ngakhale a sekondale ali ndi matenda awoawo: amawonera masewero pa foni n'kumadziona ngati akatswiri. Ndinayamba ndi chiyambi chotchedwa Ruy López, dzina la wansembe wa ku Spain amene analemba buku la chess mu 1561. Zikayenda e4 e5, Nf3 Nc6, Bb5 a6 (N ndi hatchi, B ndi bishopu, popanda chilembo chachikulu ndi poni), woyera amatha kudya hatchi pa c6, wakuda n'kubweza ndi poni wa pa d7. Apa poni wa pa e5 watsala wopanda mlonda, ndipo dzanja la mwana aliyense limathamangira kumudya ndi hatchi. Bishopu ndi hatchi zafafanizika, chenje ndi poni mmodzi, eti? Koma wakuda sanamalize. Kwini amabwera pa d4 n'kuloza hatchi ndi poni wa pa e4 nthawi imodzi. Hatchi ikathawa, poniyo wapita, ndi cheki pamwamba, kutanthauza kuti mfumu yaopsezedwa. Phindu lija linali la mphindi imodzi.

Kenako tinakangana kwa nthawi yaitali pa chinthu chimene ndimachiona pafupifupi pa mpikisano uliwonse wa ana. Wakuda wabisa kale mfumu yake pakona, woyera ali ndi bishopu pa c4 ndi hatchi pa g5, zonse zikuloza f7. Hatchi idya poni, ruku adya hatchi, bishopu adya ruku, mfumu idya bishopu. Woyera wapereka 3 ndi 3, walandira 5 ndi 1. Mnyamata wina wa Fomu 3 anaimirira n'kunena kuti, "Sikisi kwa sikisi, Aphunzitsi. Masamu sanama." Zoonadi sanama, koma sanena zonse. Woyera wagulitsa mapisi awiri amene anali atatuluka kale kukagwira ntchito, n'kugula ruku amene anali asanayambe n'komwe. Pakati pa masewero, bolodi likadali lodzaza, hatchi ndi bishopu zimaluma kawiri pamene ruku akusowa njira yotulukira. Ine ndikapatsidwa mbali yakuda pamenepo ndimathokoza.

Kuti amvetse kuti zimenezi si za ana okha, ndinawaonetsa mathero a masewero omaliza a mpikisano wa dziko lonse lapansi ku Singapore, pa 12 December 2024. Ding Liren wa ku China anali wotsalira ndi poni mmodzi, koma aliyense anali ndi ruku ndi bishopu, ndipo zinkaoneka kuti athera kufanana mphamvu. Pa ulendo wa 55 anaika ruku pa f2, kupempha kuti asinthane. Gukesh wa ku India, wa zaka 18, anadya, Ding n'kubweza ndi mfumu. Kenako Gukesh anakaika bishopu wake pa d5, moyang'anizana ndi wa Ding amene anali pakona pa a8 wopanda kothawira. Ruku ndi ruku, bishopu ndi bishopu, zonse zofafanizika, chenje chikadali poni mmodzi yemwe uja. Koma poni mmodzi pabolodi lokhala ndi maruku ndi wina, poni mmodzi pamene patsala mafumu ndi maponi okha ndi winanso. Ding anagonja, ukatswiri wa dziko lonse n'kupita. M'kalasi munangoti zii, mpaka wa Fomu 3 uja anati, "Ndiye kuti nayenso amaphonya?"

Lachisanu ndinakhala pakhomo kulemba malipoti a mwezi, ntchito imene sindinaikondepo.

Loweruka tinakumana pakhonde la sitolo ina yotseka kufupi ndi msika. Pambali pathu pamakhala madala a bawo, ndipo mmodzi wa iwo amakonda kudzaima kumbuyo kwa ana, manja kumsana. Iye amati masewero athuwa ndi aulesi, chifukwa pa bawo munthu amawerenga nkhomo kuzungulira maenje mpaka pamene dzanja likagone, asanatole n'komwe. Sindimutsutsa.

Ndinayala mabolodi onse asanu ndi limodzi kuti ndisewere ndi ana asanu ndi mmodzi nthawi imodzi, iwo oyera ine wakuda, ndikuzungulira. Mtsikana wa Sitandade 6 uja anapatsidwa seti ya chitsekerero. Nditazungulira kangapo ndinafika pabolodi lake n'kuona poni wake pa d4. Hatchi yanga ya pa c6 ndi bishopu wa pa b6 zikumuloza, womuteteza ndikuona hatchi ya pa f3 yokha. Awiri kwa mmodzi. Ndinadya ndi hatchi n'kupitirira. Pobwera ndinapeza wabweza ndi hatchi yake, ine n'kudya ndi bishopu, mtima uli m'malo. Sanadikire kuti ndizungulirenso. Anatola chitsekerero cha Fanta chimene chinali phee pa d1 nthawi yonseyi, n'kuchikankha ndi chala chimodzi mpaka pa d4.

"Hatchi ndi hatchi zapita," anatero motsitsa mawu. "Bishopu wanu, poni wanga. Chenje ndi 2, Aphunzitsi."

Mdala wa bawo anaseka mpaka kutsokomola. Mnyamata wa ku Matawale amene ndinamukalipira Lolemba anali pabolodi lachitatu, ndipo sananene kanthu, anangondiyang'ana. Ndinalimbikira maulendo ena makumi awiri ndi kanthu, koma mwanayo ankangosinthanitsa chilichonse chimene ndaika patsogolo pake, monga ndinamuphunzitsira kuti uzichita ukakhala patsogolo, mpaka ndinamupatsa dzanja, kuvomera kuti ndagonja.

Tikulongedza ndinanena kuti Lolemba ndipita kwa osema ziboliboli akandisemere ruku woyera. Iye anali akumanga mng'ono wake kumsana. Anandipempha kuti ndikasemetsa ndidzamupatse chitsekererocho.