Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Tsiku limene ndinaona Mateyu

M'gawo lapitali ndinalekezera pamene ndinali nditangofika ku Rome, Chitaliyana chikundisowetsa mtendere. Sabata yachitatu, wansembe wina wachikulire wa kwathu anandipeza nditazyolika pa mabuku. Anati, "Mwana wanga, tseka zimenezo, tiye ukaone Mateyu."

Tinalowa m'tchalitchi cha San Luigi dei Francesi, pafupi ndi Piazza Navona. Kachipinda ka kumapeto, kudzanja lamanzere, kanali mdima bii. Abambowo anaponya ndalama yachitsulo m'kabokosi, nyali n'kuyaka. Ine kukamwa yasa! Pakhoma panali chithunzi chachikulu cha Yesu akuitana Mateyu: amuna asanu azungulira tebulo, mmodzi wawerama kuwerenga ndalama, Yesu waima chakumbali atatambasula dzanja, ndipo kuwala kwatsika kutsata dzanjalo.

"Anajambula ndani, Bambo?"

"Caravaggio. Koma ufunsenso kuti analipira ndani."

Funso limenelo sindinaliganizepo n'kale lomwe, chifukwa ndinkangoona ngati zithunzi za m'tchalitchi zimakhalapo basi. Kachipindako kanali ka Kadinala wa ku France, Matteo Contarelli, amene anamwalira mu 1585 atasiya ndalama ndi malangizo oti mujambulidwe moyo wa Mateyu Woyera, mnzake wa dzina. Ntchito inazengereza zaka zoposa khumi. Mu 1599 mpamene Caravaggio, mmisiri wojambula wa ku Italy, anapatsidwa pangano la zithunzi ziwiri za m'mbali, ndipo zinatha mu 1600. Panthawiyo n'kuti akusungidwa ndi Kadinala del Monte ku Palazzo Madama, nyumba yoyandikana ndi tchalitchicho.

Abambowo anandifotokozera kajambulidwe kake motsitsa mawu. Chinsalu ankayamba achipaka utoto woderako. Utoto weniweniwo unali ufa, wopera pamwala n'kusakaniza ndi mafuta a njere, ndipo unkauma pang'onopang'ono. Nkhope zija n'za anthu wamba amene iye ankawakhazika patsogolo pake n'kumawajambula akuwaona.

Chinandikhudza kwambiri ndi chithunzi cha pa guwa. Olemba akale amati choyamba chimene anajambula mu 1602 chinakanidwa, chifukwa Mateyu ankaoneka ngati mlimi wosaphunzira, atapingasa miyendo, phazi lopanda nsapato litaloza kwa anthu, mngelo akumugwira dzanja polemba. Anachitenga ndi Vincenzo Giustiniani, munthu wachuma, ndipo chinadzatayika ku Berlin mu 1945, nkhondo ikutha. Caravaggio anajambulanso china, chomwe chilipo mpaka lero.

Apa misozi inalengeza. Bambo anga ankalemba zikwangwani za magolosale. Ndili mwana ndinawaona akufufuta chikwangwani chimene anachivutikira masiku atatu, poti mwini golosale anati nsomba imene anajambulapo sikuoneka yonona. Anapakanso osanena kanthu, manja ali penti yekhayekha, ine nditawagwirira chitini.

Usiku umenewo ndinawalembera kalata ya masamba anayi. Ndinayamba ndi nkhani ya mwala woperera utoto, podziwa kuti ndi imene akaiwerenge kawiri.