Kulumikiza multiviewer mu situdiyo yaing'ono: tizipangizo tomwe sitibwera m'katoni

Multiviewer ndi bokosi lomwe limasonkhanitsa zithunzi zochokera ku makamera ndi makina osiyanasiyana n'kuziyala pa sikirini imodzi, chilichonse m'kagawo kake, kuti woyendetsa pulogalamu aziona zonse pakamodzi. M'chipinda cha alonda ku banki kapena pamalo ogulitsira zinthu limagwira ntchito yomweyo. Kuligula sikuvuta, Evertz, Grass Valley, Blackmagic Design ndi Decimator onse amapanga. Chomwe chimadya nthawi ndi ndalama ndi tinthu ting'onoting'ono tapakati pa kamera ndi diso la munthu. Ndifotokoze mmene ndinayendera nato pa situdiyo ina ya TV ya mpingo ku Lilongwe.

Ndisanaitanitse kalikonse ndinatenga kope n'kulemba chithunzi chilichonse chomwe dayirekitala ankafuna kuona, komwe chikuchokera, pulagi yomwe chikutulukira, ndi kutalika kwa njira yake mpaka pa rack, kabati yachitsulo yomangiramo makina. Panali makamera anayi otulutsa SDI (njira yotumizira chithunzi pa waya yomwe makina a mu situdiyo amagwiritsa ntchito), kompyuta yolembera mavesi ndi mawu a nyimbo yotulutsa HDMI, makina oseweretsa mavidiyo ojambula kale, program ndi preview (chithunzi chomwe chili pa mphepo ndi chotsatira chake) za ku switcher (makina osankhira chithunzi chopita kwa anthu), dekoda yoonera zomwe zikufika m'makomo, ndiponso kamera ya chitetezo ya pageti yoyenda pa netiweki. Bokosi lathu la multiviewer linali la 1U, kutanthauza lodya mzere umodzi wokha mu rack, la malo 16 olowetsera zithunzi, lolandira SDI basi. Pompo zinaonekeratu kuti kompyuta, dekoda ndi kamera ya pageti sizilowa popanda converter, kabokosi kosandutsa chithunzi kuchoka pa mtundu wina kupita pa wina. Kuno kwathu zimenezi uyenera kuzidziwa msanga, chifukwa tizipangizo tambiri totere timachokera kunja, makamaka ku Johannesburg. Kakasowa kamodzi kokha, ntchito yonse imaima, anthu n'kumadikira katundu ndi za msonkho.

Chachiwiri chinali kugwirizana mtundu umodzi wa chithunzi. Magetsi athu ndi a 50 Hz ndipo TV yathu inachokera ku PAL, njira yakale ya analog, choncho situdiyo yonse ndinaiika pa 1080i50, mtundu wa HD wogwirizana ndi 50 Hz. Kompyuta ukaisiya yokha imathamangira ku 60. Multiviewer imatha kuonetsa ndithu chithunzi chotere, poti khomo lililonse lili ndi chogwirizanitsa mafelemu chake, koma switcher yathu inkachikana, ndipo mawu oyenda m'munsi mwa sikirini ankadumphadumpha. N'chifukwa chake pa kompyuta ndinagulira converter ya HDMI kupita ku SDI yokhala ndi scaler, chosinthira saizi ndi liwiro la chithunzi, ngakhale inali yokwera mtengo kuposa wamba. Pali kamsampha kenanso pa 3G-SDI, yomwe imanyamula 1080p50 pa 2.97 Gbit/s: ili ndi Level A ndi Level B, ndipo makina ena amamva imodzi yokha. Mukaona mdima pomwe zonse zikuoneka kuti zili bwino, yambani mwayang'ana pamenepo.

Pa mawaya ndi pomwe ndinakhalitsa, ndipo ndi pomwe ndimakangana kawirikawiri ndi osunga chikwama. SDI imafuna waya wa 75 ohm ndi mitu ya BNC (mapulagi opotokola a kumapeto kwa wayayo) ya 75 ohm. Mitu ya 50 ohm, ya anzathu a mawailesi olankhulirana, imalowa bwinobwino pa soketi yomweyo koma imabweza mbali ya signal. Waya wotchipa wa CCTV womwe uli ponseponse m'mashopu nawo ndi wonyenga, chifukwa wambiri mtima wake ndi chitsulo chongokutidwa ndi kopa ndipo ukonde wake ndi wopyapyala. Pa makamera akale a analog unkangochititsa chithunzi kuzilala pang'ono, munthu n'kumaonerabe. HD-SDI imathamanga pa 1.485 Gbit/s ndipo siizilala pang'onopang'ono ayi. Lero chithunzi chili mbee, mawa kukatentha tikuyamba kuona timadontho toyera, kenako chazimiratu. Kuchokera ku makamera ndinakoka RG6 yabwino ya mtundu wa Belden 1694A, ndipo wocheperako ndinausiyira m'kati mwa rack momwe njira ndi zazifupi.

Mutu uliwonse ndinaumanga ndekha. Umasenda waya magawo atatu ndi chosendera chake, osati lezala, kuti mtima usakandike. Kapini kagolide umakafinya pamtimapo, n'kukakankhira m'mutu mpaka umve kuti kagwira, ukonde n'kuuyala mozungulira khosi, kenako kamkombero kachitsulo pamwamba ndi crimper (chida chofinyira) ya saizi yake. Ukatha umayang'ana pa kuwala ngati palibe kaulusi ka ukonde komwe kakhudza pini, n'kukoka mutuwo mwamphamvu. Ukasuntha, dula uyambirenso. Waya uliwonse ndinaulemba dzina mbali zonse ziwiri ndisanaulowetse m'ngalande.

Chinthu chimodzi ndinakana ngakhale chikanatipulumutsira ndalama. Bokosi la multiviewer lili ndi loop out, potulukiranso chithunzi chomwe chalowa, pa khomo lililonse, moti ukhoza kudutsitsa kamera m'menemo n'kupitiriza ku switcher. Koma ma loop ambiri amadalira magetsi a bokosilo, ndiye likangozima, makamera onse asowanso pa mphepo. Chida choonera sichiyenera kukhala panjira ya chithunzi chopita kwa anthu. Ndinaika distribution amplifier, kabokosi kogawa chithunzi chimodzi kukhala miyendo ingapo, pa kamera iliyonse, mwendo wina ku switcher, wina ku multiviewer.

Dekoda ili ndi vuto lake. Ma dekoda ambiri amatulutsa HDMI yotsekedwa ndi HDCP, loko yoletsa kukopera chithunzi, ndipo converter yopita ku SDI imakana chithunzi chotere, imangopereka mdima. Pofuna kungotsimikiza kuti tili pa mphepo ndipo mawu akumveka, ndinatenga chithunzi pa timapulagi ta AV, tachikasu, toyera ndi tofiira tija, n'kudutsitsa mu converter ya analog kupita ku SDI. Sichikongola ngati HD, koma ntchito yake ikukwanira. Amene ali ndi ndalama agule receiver ya akatswiri yotulutsa SDI yokha.

Kamera ya pageti ndi yomwe imafanana kwambiri ndi za m'zipinda za alonda. Imatumiza chithunzi chofinyidwa cha H.264 pa netiweki kudzera pa RTSP, choncho inafuna kabokosi komasulira chithunzicho n'kuchitulutsa pa HDMI, kenako converter. Waya wa netiweki wa Cat6 malire ake ndi mamita 100, ndipo geti linali kutali kuposa apo, kunyumba ina. Ndinakoka fibre, ndi ma SFP awiri (timapulagi tolumikizira fibre) ndi switch yaing'ono ya netiweki ya PoE kugetiko yopatsa kamera magetsi pa waya wa netiweki womwewo. Ngakhale mtunda ukanakhala waufupi ndikanasankhabe fibre, chifukwa nyengo ya mvula waya wa kopa wolumikiza nyumba ziwiri ndi njira ya mphezi yolowera mu rack. Kwa amene mukuyala makamera ambiri a chitetezo pa sikirini imodzi, tengani substream (chithunzi chachiwiri chopepuka) ya kamera iliyonse ya m'timagawo ting'onoting'ono, chachikulu chizibwera pokhapo mlonda akakulitsa kagawoko. Apo ayi makina omasulira amalemedwa, zithunzi n'kumachedwa.

Tally, mpanda wamtundu wozungulira kagawo, pamodzi ndi mayina a pansi pa chithunzi omwe amatchedwa UMD, anthu amaziona ngati zokongoletsa, koma ndi zomwe dayirekitala amadalira pulogalamu ikatentha. Mpanda wofiira ukutanthauza kuti kamera ili pa mphepo, wobiriwira ndiye yotsatira. Switcher ndi multiviewer zimauzana zimenezi kudzera m'chilankhulo cha TSL. Mtundu wakale wa 3.1 umayenda pa waya wa RS-422 pa liwiro la 38400 ndipo dzina limangokwana zilembo 16, pomwe 5.0 imayenda pa netiweki. Switcher yathu inkangotulutsa GPI, timawaya totseka ndi kutsegula ngati swichi, ndiye pakati panafunika kabokosi kosandutsa GPI kukhala TSL. Poyesa, mtsikana wa pa switcher ankadina kamera imodziimodzi ine ndikuyang'ana sikirini ya pakhoma. "Achimwene, ndadina wani koma chafiira ndi thuu," anatero. Zimachitika chifukwa makina ena amayamba kuwerenga pa 0, ena pa 1. Ndinasuntha ma address onse ndi imodzi, zinalunjika. Mayina ndinalemba omwe anthu a pamalopo amatchula okha: GUWA, KWAYA, KHONDE, GETI.

Sikirini inali TV wamba ya mainchi 55. Ndinakoka SDI mpaka kuseri kwake n'kumata converter ya SDI kupita ku HDMI pomwepo, kuti waya wa HDMI ukhale waufupi, ndipo ndinaumangirira poti pulagi yake ilibe loko. TV zambiri zimadula m'mbali mwa chithunzi, zomwe zimadya mizere yoonetsa kukwera kwa mawu ndi mayina a m'munsi. Pa LG umasankha Just Scan, pa Samsung Fit to Screen. Ndinaiikanso pa game mode ndi kuzimitsa zonse zosalaza chithunzi kuti isamachedwe, chifukwa dayirekitala wodula motsata ng'oma amamva ngakhale kuchedwa kwa mafelemu ochepa. Chipinda choyaka usana ndi usiku chimafuna sikirini yopangidwira 24/7, TV ya pabalaza siichedwa kutopa.

Pomaliza magetsi. Converter iliyonse imabwera ndi ka adapter kake, ndipo tikachuluka timadzaza kuseri kwa rack, kutentha ndi kusololoka tokha. Ndinatiyala pa shelefu ya rack, n'kusankha tomwe pulagi yake ndi yopotokola, tonse pa UPS limodzi ndi switcher, multiviewer ndi TV. Bokosi la multiviewer lili ndi malo awiri a magetsi, ndiye amodzi ndinapereka ku UPS, ena ku mzere wina. Pamwamba ndi pansi pake ndinasiya 1U yopanda kanthu kuti mphepo izidutsa, poti fumbi la mu Okutobala silichedwa kutseka mafani.

Ndisanapereke ntchito tinayesa zoipa zonse dala. Tinazimitsa main switch kuti tione ngati sikirini ikhalabe yoyaka mpaka jenereta italira. Tinazula waya uliwonse kuti tione chenjezo la kusowa kwa chithunzi, tinatseka maikolofoni kuti tione la kusowa kwa mawu. La chithunzi choima ndinalitalikitsira nthawi pa kamera ya pageti, chifukwa usiku pamakhala popanda choyenda ndipo likanamalira pachabe. Kwa abusa oyang'anira situdiyo ndinasiya chojambula cha mawaya onse chomata pa chitseko cha rack, fayilo ya makonzedwe a sikirini pa flash, converter imodzi yapadera ya mtundu uliwonse, ma adapter awiri, ndi kathumba ka mitu ya BNC pamodzi ndi crimper yake.