Njira yomwe ndinadutsa kuti ndikhale physician assistant ku America

Physician assistant, yemwe anthu amangomuti PA, amagwira ntchito yofanana ndi ya clinical officer kwathu: amaona odwala, amapeza matenda, amalemba mankhwala, amathandiza ku fiyeta, zonsezi mogwirizana ndi dokotala. Kusiyana kuli pa khomo lolowera. Ku Malawi College of Health Sciences munthu amalowa ndi MSCE, pomwe ku America maphunzirowa ndi a Masters, ndiye digiri yoyamba iyenera kukhala ili kale m'manja. Maphunzirowa anayambira ku Duke University mu 1965, Dr Eugene Stead atasonkhanitsa asilikali akale apamadzi omwe ankasamalira ovulala.

Ndinayamba ndi kuwerenga zomwe sukulu iliyonse imafuna, chifukwa sizifanana. Zomwe zimabwerabwera ndi anatomy ndi physiology, microbiology, chemistry, statistics ndi psychology, ndipo zasayansizo amafuna zikhale ndi gawo la mu labu. Samalani ndi zaka: sukulu zambiri sizilandira phunziro lomwe munalemba kalekale, zina malire ndi zaka 5, zina 10. Amene digiri yake ndi yakunja amaipititsa kaye ku bungwe loyesa mapepala ngati WES, ndipo kawirikawiri amamuuza kuti maphunziro asayansiwo akawabwereze pa koleji ya ku America konko. Dipuloma ya clinical medicine, ngakhale digiri ya udokotala yochokera kunja, sikufupikitsirani njira. Mumayambira poyambira ngati wina aliyense.

Chomwe chimadya nthawi kwambiri ndi maola ogwira odwala. Pali mitundu iwiri ndipo ambiri amagwa pamenepa. PCE ndi ntchito yomwe dzanja lanu limafika pa wodwala: kumusambitsa, kumutembenuza pabedi kuti asatuluke zilonda, kumuyeza BP, kumutenga magazi, kumunyamula pa ambulansi. HCE ndi ntchito ya m'chipatala momwemo koma yosakhudza wodwala, monga kulemba mayina pa kauntala. Sukulu zimaona kwambiri PCE. Zina zimafuna maola 500, zina 1,000 kapena 2,000, ndipo 2,000 ndi chaka chathunthu chogwira maola 40 pa sabata. Ine ndinadzera ku CNA, ntchito yothandiza anamwino, chifukwa satifiketi yake imatheka m'masabata ochepa. Ndinkalemba maola mlungu ndi mlungu, pamodzi ndi dzina la woyang'anira ndi zomwe ndinkachita. Mukadikira kuti mudzawerengetsere kumapeto, malisiti a malipiro ena amakhala atasowa.

Mafomu amadzera pa intaneti ku CASPA, tsamba lomwe limalandirira mafomu sukulu zambiri za PA, ndipo limatsegula kumapeto kwa April. Mumalowetsa phunziro lililonse lomwe munalembapo kukoleji, ndipo iwo amawerengetsa okha GPA yanu, yomwe ndi avareji ya magiredi anu onse. Mukabwereza phunziro lomwe munalakwa, magiredi onse awiri amalowa m'samu, lakalelo silifufutika. Sukulu zambiri siziyang'ana n'komwe fomu yomwe GPA yake sinafike 3.0. Sukulu zambiri zimafunanso makalata atatu a umboni, ndipo imodzi ndi bwino ichokere kwa PA kapena dokotala amene anakuonani mukugwira ntchito. Nkhani yofotokoza chifukwa chomwe mukufunira ntchitoyi isapyole zilembo 5,000, kuwerengera ndi mipata yomwe. Ndinatumiza zonse mu May, chifukwa CASPA inkatha kutenga mpaka masabata anayi ikutsimikizira mapepala, komanso sukulu zambiri zimapereka malo pomwe mafomu akufika. Wotumiza mu September amapeza mipando yambiri itapita ngakhale tsiku lotsekera lisanakwane. Musanalipire kalikonse, onani ngati sukuluyo ili ndi chilolezo cha ARC-PA, bungwe lovomereza sukulu za PA. Popanda chimenechi simudzaloledwa kulemba mayeso otulukira.

Sukulu yeniyeniyo imatenga zaka ziwiri ndi miyezi ingapo. Chaka choyamba ndi cha m'kalasi kuyambira m'mawa mpaka madzulo, mayeso pafupifupi sabata iliyonse, ndipo ganyu ndi yosatheka. Chomwe chinandithandiza ndi kuwerenga matenda aliwonse motsatira ndondomeko imodzi: zizindikiro, zoyeza, mankhwala oyamba, ndi chomwe chingaphe wodwala ndikachiphonya. Chaka chachiwiri mumazungulira m'zipatala maola oposa 2,000: matenda a akulu, a ana, a amayi, opaleshoni, zangozi, matenda a maganizo ndi kiliniki ya mabanja. Gawo lililonse ndi masabata anayi kapena kuposerapo, ndipo likatha pali mayeso ake. Apa luso lomwe amakuyesani nalo tsiku ndi tsiku ndi kufotokozera dokotala za wodwala mwachidule, m'mphindi ziwiri, mutanena kale zomwe mukuganiza kuti akudwala ndi zomwe mukufuna kuchita.

Mukamaliza pamabwera PANCE, mayeso otulukira a bungwe lopereka satifiketi ya PA la NCCPA: mafunso 300 m'magawo asanu, gawo lililonse mafunso 60 pa mphindi 60. Ndi mphindi imodzi pa funso, ndiye ndinkayeserera ndi wotchi patebulo. Wokhoza amafika 350 pa sikelo ya 200 mpaka 800. Mwayi ulipo kasanu ndi kamodzi m'zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo mukalephera mumadikira masiku 90. Mukakhoza mumalemba PA-C kumapeto kwa dzina, kenako mumapempha laisensi ku boma la chigawo chomwe mukagwireko ntchito. Kuti zilembozo zisachoke, pamafunika maola 100 a maphunziro owonjezera zaka ziwiri zilizonse, ndi mayeso ena pakatha zaka 10.