Zikomo nonse, ndabwerera kwathu ku Bembeke

Lachisanu lapitali ndinaima komaliza kutsogolo kwa mapu a Malawi kulengeza za nyengo pa kanema. Nditamaliza ndinavula jekete, kutsanzikana ndi anyamata a makamera, Loweruka m'mamawa n'kukwera basi. Pano ndili pakhonde kwathu ku Bembeke, nkhungu yakuta minda ya kachewere, zala zachita kuuma ndi chisanu. Chifikireni foni sinapume, ndipo poti sindingathe kuyankha aliyense payekha, ndati ndilembe pano.

Ndiyambe ndi anthu amene nkhope zawo simunazionepo. M'masukulu, m'maofesi a zaulimi ndi m'mamishoni muli anthu amene tsiku lililonse, ikamakwana 8 koloko m'mawa, amapita pa choyezera mvula, kukhuthulira madzi m'galasi, kuwerenga mamilimita ndi kulemba m'buku. Kaya ndi pa Khirisimasi, kaya pamudzi pagwa zovuta, amapita basi. Ngakhale tsiku loti sikunagwe ndi dontho lomwe amalemba ziro, chifukwa ziro ameneyo ndiye amatiuza kuti ng'amba yafika masiku angati. Inenso ndinayambira pomwepo, ndili mnyamata, nsapato zitanyowa ndi mame. Amene anandiphunzitsa ntchito, malemu tsopano, ankandigwira dzanja kuti galasi ndiliimike molunjika ndi diso. Ndiwo anandiuza kuti milimita imodzi ndi lita imodzi ya madzi pa kamalo ka mita imodzi m'litali ndi m'lifupi, n'kundiuza kuti ndiwerengetse ndekha madzi amene agwera pa ekala ya mayi anga. Masetilaiti ndi makompyuta atithandiza kwambiri, koma amene amatsimikiza kuti mvula yafikadi pansi ndi anthu amenewa. Zimene ndinkanena madzulo pa kanema zinkayambira m'manja mwawo. Zikomo kwambiri.

Achiwiri ndi amalume anga a ku Golomoti. Nditangoyamba kumene kuonekera pa kanema, ndinkakonda kunena kuti "m'chigawo chapakati kugwa mvula". Chaka china anamva zimenezo masiku atatu otsatizana, kunagwa kamvula kongonyowetsa fumbi, iwo n'kubzala. Kuno kumtunda inagwadi yokwanira, koma kumunsi kunangoti gwa, dzuwa lokhalokha, mbewu n'kupsera m'nthaka. Nditapita kukawaona sanakalipe. Anandiyalira mphasa pansi pa mtengo wa mango, kundilozera phiri, n'kunena kuti: "Iwe mphwanga, kumtunda uko ndi kuno ndi Dedza yemweyo, koma mvula yake si imodzi. Ukamalankhula uzitchula mudzi, munthu adziwe ngati ukunena iye." Mbewu ija ndinawagulira ina, koma mawuwo sanandichoke. Boma lathu ndi lotero ndithu: Phiri la Dedza latalika kupitirira mamita 2,000, ku Bembeke timafunda mabulangete awiri mu Juni, pamene ukangotsika msewu wokhotakhota uja kupita ku Golomoti ndi Mtakataka wafika kotentha, kufupi ndi nyanja. Kuyambira pamenepo ndinayesetsa kusiyanitsa madera okwera, zigwa ndi m'mphepete mwa nyanja, ndiponso kunena poyera ngati ili chizimalupsa chabe, yosayenera kubzalira.

Ndithokozenso amayi a pa msika wa Lizulu amene ankandiimitsa ndikamagula tomato ndi kabichi. "Abambo a zanyengo, mvula ija munanena ili kuti?" Ena ankafunsa akuseka, ena mtima ukuwawa chifukwa feteleza anali atathira kale. Mafunso awo ndiwo anandikakamiza kufunafuna Chichewa chomveka. Kunena kuti mphepo yachinyontho yochokera ku Congo yalowa m'dziko, kapena kuti chiperoni chibweretsa mawawa ndi kuzizira, kapena kuti mwera ukuntha panyanja asodzi asalowe ndi mabwato ang'onoang'ono, zimenezo munthu amamva ndi kuchitapo kanthu. Chovuta chinali kufotokoza kuti ulosi umanena za mwayi, si lonjezo. Mpaka lero ndimaona kuti pamenepa pakufunikabe ntchito.

Masiku amene sindidzawaiwala ndi a namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Tinamutsatira kwa masabata ambiri akuwoloka nyanja ya Indian Ocean, kugunda Madagascar ndi Mozambique, kubwerera m'nyanja, kenako n'kulowanso kumtunda cha ku Quelimane. Machenjezo tinapereka, kubwereza ndi kubwereza. Komabe mvula itakhuthuka kum'mwera, matope anatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo ku Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu midzi inakokoloka. Anthu mazanamazana anatisiya. Ndinkafika kunyumba usiku, kukhala pampando osavula nsapato, ndikudzifunsa ngati panali mawu ena amene akanachotsa anthu pansi pa phiri paja. Mayi a kunyumba ankangoika madzi osamba ndi tiyi, osandifunsa kanthu, n'kukhala nane mpaka tulo titabwera. Amayi, ana ndi inu munawalera ine ndili ku ntchito usiku, Mulungu akudalitseni. Ndithokozenso anzanga amene tinachezera limodzi masiku amenewo, ndi abusa amene anandiimbira foni kundilimbitsa mtima.

Dzinja lotsatira kunabwera El Niño, kutentha kwa madzi a nyanja ya Pacific kumene kawirikawiri kumachepetsa mvula kuno. Ulosi wa dzinja unali utanena kale kuti mvula idzavuta, ndipo mu Malichi 2024 Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya chilala. Pano ndithokoze alangizi a zaulimi ndi mawailesi a m'madera. Kanema sali m'nyumba iliyonse, ndipo magetsi akathima ngakhale amene ali naye saona. Alangizi ndiwo anatenga uthenga panjinga kukafika nawo kumidzi, kulimbikitsa mbewu zocha msanga, kuphimbira nthaka ndi mapesi, ndi kulima mbatata ndi chinangwa pambali pa chimanga. Mayi wina wa ku Ntcheu anandilembera kuti banja lake linapulumukira mbatata chaka chimenecho. Uthenga wake sindinaufufute.

Kwa achinyamata amene mwatsala pa mapu paja, ndakusiyirani anthu omvetsera bwino ndipo amakumbukira chilichonse chimene wanena. Mukapeza mpata muzibwera kuno mudzakhale ndi alimi, mudzamve mmene amawerengera mphepo ya mpoto, kulira kwa achule ndi kutuluka kwa ngumbi.

Choyezera mvula changa ndachizika kale kuseri kwa nyumba, kutali ndi mitengo ndi denga. Mdzukulu wanga wapempha kuti buku azisunga ndiye. Mawa 8 koloko tikayamba limodzi.