Mmene tinatsekera msewu mu Blantyre kuti aluso agulitse ntchito zawo

Msewu uliwonse mu Blantyre uli ndi eni ake. Pali mavenda oyala malonda m'makonde, a kabaza amene ali ndi siteji pangodya, eni mashopu, ngakhalenso mlonda wa usiku. Ine ndi anzanga ojambula, osema ziboliboli ndi oluka madengu titagwirizana zokonza tsiku loonetsa ndi kugulitsa zaluso panja, tinayambira kwa anthu amenewa tisanalembe kalata ngakhale imodzi.

Victoria Avenue, Haile Selassie ndi Glyn Jones sitinaiganizire n'komwe, chifukwa kutseka misewu imeneyi n'kuimitsa tauni yonse. Tinasankha kamsewu kam'mbali komwe galimoto zikhoza kuzungulira njira ina. Mwezi tinatenga Seputembala: chiperoni cha Juni ndi Julayi chimakhala chitapita, ndipo mvula ya Novembala ikadali kutali. Tsiku linali Loweruka la kumapeto kwa mwezi, anthu atalandira.

Tcheyamani wa mavenda tinamupeza pamalo pake, n'kumuuza kuti, "Bambo tcheyamani, tabwera kudzapempha malo pakhomo panu." Chimene anafuna kudziwa n'chakuti anthu ake adzadyera kuti tsikulo. Funsoli ndi loyenera, ndipo amene alibe yankho lake asapitirire. Tinagwirizana kuti aliyense amene amagulitsa pamenepo masiku onse asasunthidwe komanso asalipire kanthu. A kabaza tinawasiyira mbali zonse ziwiri zolowera kuti azitula ndi kunyamula anthu. Eni mashopu tinawalonjeza kuti sitiyala chilichonse pakhomo pawo.

Kenako zamapepala. Kalata yopempha chilolezo inapita ku Khonsolo ya Mzinda wa Blantyre, ku Civic Centre ku Chichiri. Tinalembamo tsiku, nthawi yoyamba ndi yomaliza, chiwerengero cha malo ogulitsira, kumene anthu azikadzithandizira ndiponso mmene tidzachotsere zinyalala. Tinaphatikizapo mapu ojambula pamanja. Mapuwo anatithandiza kuposa kalata, chifukwa aliyense amene tinakumana naye ankayamba waloza pamenepo asanawerenge. Lamulo la apolisi la 2010 limati wokonza msonkhano pamalo a anthu onse adziwitse bwanamkubwa pasadakhale, maola osachepera 48. Ife tinapereka kalatayo kudakali milungu, ina n'kupita kupolisi, popeza wotseka msewu ndi wapolisi wa pamsewu, osati mnyamata wonyamula chingwe. Poti padzakhala nyimbo, tinakalipiranso ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za aluso. Ena mwa ife anadandaula ndi ndalamayo, koma ndinawauza kuti sitingaitane anthu kudzalemekeza luso la wojambula kwinaku tikudyera woimba masuku pamutu.

Pa zakudya azaumoyo sanyengerera, makamaka chichitikire kolera wa 2022 ndi 2023. Polowera paliponse tinaika ndowa zosambira m'manja ndi sopo, ndipo amayi a mandasi, zitumbuwa ndi thobwa tinawapempha kuti zonse zikhale zovundikira.

Ntchito imene inandidyera tulo ndi kayalidwe ka malo, ndipo m'pamene pagona nkhani yakuti waluso agulitsa kapena abwerera ndi katundu wake. Anthu ambiri amene amabwera kuzochitika zotere amakokedwa ndi fungo la kanyenya ndi phokoso la nyimbo. Mukaika chiwaya polowera, anthu adya, avina, n'kubwerera osaona chithunzi ndi chimodzi chomwe. Choncho zakudya tinaziika kumapeto kwenikweni, kumene mphepo imapita, kuti wofuna tchipisi adutse kaye pakati pa zojambula, mikanda, zitenje zosokedwa ndi ziboliboli. Izi zinatetezanso nsalu zojambulapo ku utsi ndi mafuta, zomwe zikalowa sizichoka. Zokuzira mawu ndi jenereta tinazitalikitsa kwa ogulitsa. Malonda a chithunzi amafuna kucheza: wogula afunse tanthauzo, wojambula afotokoze, anenerere mtengo. Pamene anthu akukuwirana m'makutu malondawo sachitika.

Malo tinawayeza mamita 2 aliyense, kulemba manambala ndi choko m'mamawa, n'kuchita maere pamaso pa onse. Popanda maere, malo a mthunzi amapita kwa odziwika, ndipo mtsikana wa ku Bangwe kapena mnyamata wa ku Ndirande amene akuonetsa koyamba amakankhidwira padzuwa kumapeto. Tinaikanso lamulo lakuti opanga okha ayambe kupatsidwa malo, ogula kwa ena n'kudzagulitsa abwere pambuyo. Pamenepa panali mkangano, chifukwa ogula n'kugulitsawo ndi amene amakhala ndi ndalama yolipira msanga. Sitinasinthe.

Aliyense tinamulimbikitsa kulemba mitengo poonekera ndi kupachika nambala ya Airtel Money kapena Mpamba. Munthu wa kuno akaona chithunzi chopanda mtengo amangoganiza kuti ndi cha azungu, amadutsa osafunsa. Amene anabweretsa tinthu ting'onoting'ono, monga makhadi, ndolo ndi tizithunzi tokwana m'chikwama, anagulitsa kwambiri kuposa amene anadza ndi zazikulu zokhazokha.

Tinafunanso khoma loti aluso ajambulepo tsikulo. Tinalipeza kwa mwini nyumba ina, ndipo chilolezo chake tinachitenga cholembedwa, atawona kaye chithunzi cha zimene zidzajambulidwe. Ana anapatsidwa chigawo cham'munsi ndi penti wa madzi.

Ndalama iliyonse yolowa inali ndi lisiti. Msungichuma anali mayi wina woumba mbiya amene ogulitsa anamusankha okha, ndipo madzulo omwewo anawerenga poyera zimene zalowa ndi zimene zatuluka, n'kutumiza chithunzi cha kaundulayo pa gulu lathu la WhatsApp.

Nyimbo tinazimitsa dzuwa lisanalowe kuti anthu apeze minibasi za ku Chilomoni, Chirimba ndi Limbe, komanso kuti tisese kukuwala. Aliyense anasesa malo ake asanapatsidwe ndalama yachikole imene anasiya polembetsa. Lolemba m'mawa ndinabwerera kukafunsa eni mashopu ngati pali chimene chinawonongeka, kenako ndinakasiya kalata yothokoza kukhonsolo ndi kupolisi, momwe tinatchulamonso mwezi umene tikufuna kudzabwereza chaka chamawa.