Malipiro akakwera, ndalamayo imatuluka m'thumba la ndani?

Temu ino pa phunziro la zachuma tafika pa nkhani ya malipiro oyambira, aja boma limalamula kuti wantchito asalandire zochepera pamenepo. Chiphunzitso chakale chimati lamulo likakweza malipiro, mabwana amachotsa anthu ntchito. Koma mu April 1992 boma la New Jersey ku America linakweza malipirowa kuchoka pa $4.25 kufika pa $5.05 pa ola, pomwe Pennsylvania, yomwe ndi yoyandikana nayo, sinasinthe kanthu. Akatswiri a zachuma David Card ndi Alan Krueger anafufuza malo odyera 410 m'madera awiriwa, ndipo anapeza kuti ku New Jersey ntchito sizinachepe. Chinakwerako ndi mtengo wa chakudya. Ndiye kuti mbali ina ya ndalamayo analipira ndi wogula.

Zimenezi zandipangitsa kuyang'ananso mkangano wakwathu. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, boma linakweza malipiro oyambira kuchoka pa K50,000 kufika pa K90,000 mu February 2024. A MCTU, bungwe la antchito, amalira kuti ndalama sizikufika kumapeto kwa mwezi, a ECAM, bungwe la olemba ntchito, amadandaula kuti mabizinesi akulemedwa, andale nawo amangotchula nambala pamsonkhano. Chomwe chimandipweteka n'chakuti onsewa amayankhula ngati kuti olemba ntchito onse ndi munthu mmodzi.

Esiteti ya tiyi ku Thyolo singakweze mtengo momwe ikufunira, chifukwa mtengowo umadalira ogula akunja. Ndalamayo ichoka pa phindu, kapena alemba othyola tiyi ochepa. Komabe wothyola tiyi alibe kwina kothawira, choncho bwana ali ndi mphamvu yomulipira zochepera thukuta lake. Pamalo otere ndimaona kuti lamuloli ndi loyenera kwambiri, ndipo ndili kumbali yake. Wagolosale ku Ndirande iye angowonjezera pa sopo ndi shuga. Mphunzitsi amene ali ndi wantchito wapakhomo achotsa pa malipiro ake omwe, ochepa kale.

Nanga waganyu wolima m'munda mwa eni, kapena mayi wogulitsa tomato pamsika? Lamuloli siliwafikira, chonsecho sopo wokwera uja amagula nawo. Amalawi ambiri ali m'gulu limeneli, ndipo pa zokambirana za boma, mabungwe a antchito ndi olemba ntchito palibe mpando wawo.